Zovuta za pa Kuswa kwa Akavalo ndi Abulu

Nkhani ya mwezi uno ndi ya oweta akavalo ndi abulu. Mafumu, aphunzitsi ndi alangizi apemphedwa kuti aiwerenge mokweza pamene anthu asonkhana, kuti ndi iwo omwe osadziwa kuwerenga aimve.

Mlimi amene waweta ng'ombe zaka zambiri adziwa kuti ng'ombe ikayamba kuswa sipafunika phuma. Imatha kuvutika maola 2 kapena 3, mwana natuluka wamoyo. Tsono mlimi yemweyo akagula bulu kapena kavalo amayesa kuti mwambo wake ndi womwewo, ndipo apa ndi pamene ambiri atayira chuma chao. Kavalo amaswa msanga, ndipo zinthu zikalakwika zimalakwikanso msanga. Kavalo ndi bulu ndi nyama zapachibale, maberekedwe ao ndi ofanana, kotero kuti zonenedwa za mmodzi zigwiranso kwa mnzake, kupatula pamene kusiyana kwatchulidwa.

M'Malawi akavalo ndi owerengeka chifukwa cha kashembe ndiponso nthenda ya akavalo imene ifalitsidwa ndi tizilombo ting'ono-ting'ono touluka madzulo. Nzeru zambiri za m'nkhani ino zidachokera kumene anthu aweta akavalo ochuluka, monga ku Newmarket m'dziko la England ndi ku Kentucky m'dziko la America. Koma abulu alipo ndithu, maka-maka ku Dedza, Ntcheu ndi Lilongwe, kumene akoka ngolo za chimanga, mbatata ndi njerwa. Bulu akhala ndi bere chaka chathunthu nabala mwana mmodzi yekha. Kuchedwa kuchulukana kumeneku ndi chimodzi cha zifukwa zimene atsogoleri a African Union, posonkhana ku Addis Ababa mu February 2024, adaletsera kupha abulu chifukwa cha zikopa zao. Banja limene bulu wao wafa poswa lataya mwana, lataya make, ndipo ngolo yaima.

Kukonzekera

Bere la kavalo likhala masiku ngati 340, ndiyo miyezi 11, koma ena amaswa pa masiku 320 ndipo ena amafika 360 popanda chovuta. Bere la bulu likhala miyezi 12, nthawi zina kupitirira pang'ono. Mwini wake ayenera kulemba tsiku limene chiweto chake chidakweredwa. Ngati iye sadziwa kulemba, mwana wa sukulu amlembere kuchikuto kwa kope.

Msoti wosakwana zaka 3 usakweredwe, chifukwa mafupa a m'chiuno mwake sanakhwime. Pa miyezi 3 yotsiriza ya bere mwana amakula kwambiri, tsono make aleke kukoka ngolo ndi kusenza katundu wolemera. Apatsidwe msipu wabwino, gaga pang'ono, mchere ndi madzi oyera masiku onse. Asaonde, komanso asanenepe mopitirira, pakuti zonse ziwiri zibweretsa mavuto. Kutatsala masabata 4 mpaka 6, dotolo wa ziweto ambaye katemera wa kafumbata. Akavalo ndi abulu sachedwa kugwidwa ndi kafumbata, ndipo katemera ameneyu atchinjiriza make ndi mwana yemwe kupyolera mu mkaka woyamba.

Nkhanga zidapangana kusanache. Khola loberekeramo lisesedwe, muyalidwe udzu wouma, ndipo likhale lalikulu kuti chiweto chithe kugona ndi kugubuduka osatsamira chipupa. Pakhale pafupi nyali kapena tochi, ndowa yoyera, sopo, sizasi, nsalu zochapa, zingwe zofewa ziwiri, mafuta oterera ndi mankhwala otsukira mchombo. Choposa zonse, mwini wake adziwiretu kumene mlangizi wa ziweto agona, alembe nambala yake ya lamya, ndi kumuuziratu kuti mwezi wakuti-wakuti kudzakhala kuswa.

Kuswa kwabwino

Munthu sangazindikire cholakwika ngati sadziwa choyenera. Mawere a make amayamba kudzaza kutatsala masabata 2 mpaka 4. Minofu ya mbali mwa mchira imafewa. Kutatsala tsiku limodzi kapena awiri, pa nsonga za mawere pamaoneka timadontho touma tonga phula. Pa abulu chizindikiro ichi sichioneka nthawi zonse. Ambiri amaswa usiku pamene kuli zii, ndipo akaona anthu ambiri amatha kudikira mpaka onse atachoka. Motero mlonda akhale mmodzi, aonerere chapatali, osachita phokoso.

Kuswa kuli ndi magawo atatu. Pa gawo loyamba make sakhazikika: atuluka thukuta, ayang'ana m'nthiti mwake, agona ndi kudzuka, nakodza pang'ono-pang'ono. Izi zitenga ola 1 mpaka maola 4. Nthawi imeneyi mwana ali kutembenuka, pakuti m'mimba amagona chagada, ndipo ayenera kufika pa njira msana uli kumwamba, miyendo yakutsogolo itatambasuka. Kugubuduka kwa make kuthandiza kutembenukako, choncho asaletsedwe.

Gawo lachiwiri liyamba pamene nsupa yasweka ndipo madzi ambiri akhuthuka. Mlonda ayang'ane nthawi pompo. Pasanathe mphindi 5 kapena 10 paoneka thumba loyera, lonyezimira, ndipo m'kati mwake muli chiboda chimodzi, chinzake chili pambuyo pang'ono, mapazi onse atayang'ana pansi. Kenaka itsata mphuno, itagona pa miyendo. Make agona cham'mbali nakankha mwamphamvu, ndipo pa mphindi 20 mpaka 30 mwana watuluka.

Gawo lachitatu ndi kutuluka kwa nsengwa, imene ena aitcha zotsalira. Iyenera kugwa pasanathe maola 3.

Akavalo ochuluka amaswa okha bwino-bwino. Mwa akavalo a mpikisano otchedwa Thoroughbred, pafupi-fupi 4 mwa 100 ndiwo amavutika, pamene mwa akavalo akulu-akulu okoka zolemera a ku Belgium chiwerengero chimafika 10 mwa 100. Chovuta nchakuti owerengeka amenewa sapereka nthawi yoganiza.

Chifukwa chake nthawi ili yochepa

Mwana ali m'mimba amapuma kupyolera mu nsengwa. Nsengwa ya ng'ombe imagwira chiberekero ndi timfundo tambiri tolimba, ndipo imagwirabe ngakhale kuswa kutatalika. Ya kavalo imangomatirira ponse-ponse mosalimba, ndipo make akayamba kukankha imayamba kumatuka. Zikapita mphindi 30 kapena 40 mwana asanatuluke, mpweya umamchepera, ndipo pakatha ola limodzi ana ambiri amakhala atafa. Komanso kavalo amakankha ndi mphamvu yoopsa, kotero kuti mwana akagona molakwika make amatha kudzing'amba yekha m'kati.

Lamulo lake ndi ili: ngati nsupa yasweka ndipo patha mphindi 10 popanda chooneka, kapena make wakankha mphindi 10 mwana osasuntha, munthu mmodzi aimbire mlangizi kapena athamange pa njinga kukamtenga, wina atsale ndi chiweto. Zengerezu adalinda kwaukwau. Kuli bwino kumdzutsa mlangizi pachabe kusiyana ndi kumuitana m'mawa kudzaona mtembo.

Thumba lofiira

Nthawi zina nsupa sisweka konse. M'malo mwa thumba loyera patulukira chinthu chofiira, chokhakhala ngati bulangete. Imeneyi ndi nsengwa yeniyeni, yamatuka nthawi isanakwane ndipo yatsogola. Mwana ali m'katimo sali kulandira mpweya, ndipo mphindi zowerengeka zokha zikwana kumupha. Apa palibe kudikira mlangizi. Amene ali pafupi aboole thumba lofiiralo ndi sizasi kapena aling'ambe ndi zala, madzi akhuthuke, apeze thumba loyera ndi miyendo, nathandize mwana kutuluka msanga. Mphuno ikangotuluka aichotse zonse zoikuta.

Koma pali chenjezo. Mwa apo ndi apo chikhodzodzo cha make chimatha kutulukira, ndipo nacho nchofiirira. Nsengwa imadziwika ndi kukhakhala kwake, ndipo kawiri-kawiri ili ndi chipsera choyera chonga nyenyezi pakati pake. Munthu akaikhudza amva ziboda m'kati. Akhudze choyamba, ndipo adule pambuyo. Mwana wobadwa motere ayenera kuonedwa ndi dotolo ngakhale aoneke wamphamvu, chifukwa kusowa mpweya kumaonetsa zipatso zake patapita tsiku limodzi kapena awiri.

Mwana wogona molakwika

Pa ng'ombe vuto lalikulu limakhala kukula kwa mwana. Pa akavalo si kawiri-kawiri kutero. Chimene chivuta ndi kutalika kwa miyendo ndi khosi, zimene zipindika mosavuta. Zooneka kunja zimauza mlonda chimene chachitika m'kati.

Kukaoneka mwendo umodzi ndi mphuno, ndiye kuti mwendo wina wapindika pa bondo kapena watsalira kumbuyo kuyambira pa phewa. Kukaoneka miyendo iwiri popanda mphuno, khosi lapindikira m'nthiti kapena mutu wagwera pansi pa chifuwa. Limeneli ndi vuto lalikulu, chifukwa mutu umakhala kutali kosafika dzanja. Mphuno ikaoneka italingana ndi ziboda, zigongono zakodwa pa mafupa a m'chiuno mwa make, ndipo kukoka mwendo umodzi, kenaka unzake, kufikira itatambasuka kumatsegula njira. Mapazi akayang'ana kumwamba, mwina mwana akali chagada, mwina wabwera chambuyo. Pofuna kusiyanitsa, munthu apapase mfundo za mwendo: pa mwendo wakutsogolo mfundo ziwiri zoyamba zipindikira mbali imodzi, pa wakumbuyo zipindikira mbali zosiyana. Mwana wobwera chambuyo ayenera kutulutsidwa msanga, chifukwa chingwe cha mchombo chimapanikizika mutu ukali m'kati. Kukaoneka mchira wokha, miyendo yonse yakumbuyo yapindikira kutsogolo, ndipo imeneyi ndi ntchito ya dotolo yekha.

Poyembekezera thandizo, mwini wake adzutse chiweto nachiyendetse pang'ono-pang'ono. Kavalo woyenda sakankha kwambiri, ndipo mwana amabwerera m'kati kumene kuli malo. Nthawi zina mwana amene adali chagada amatembenuka yekha pamene make adzuka ndi kugonanso.

Ngati mlangizi ali kutali ndipo palibe njira ina, munthu wodekha ayese kuongola mwendo. Amange mchira ndi nsalu, atsuke kumbuyo kwa chiweto ndi sopo, awenge zikhadabo zake, asambe mkono wonse mpaka pa phewa, naudzoze mafuta oterera ambiri. Wina agwire mutu wa chiweto, ndipo wolowetsa dzanja aime chapambali poopa kumenyedwa chidyali. Pamene make waleka kukankha, akankhire mwana m'kati, apeze mwendo wopindika, afumbate chiboda m'chikhato mwake kuti chisang'ambe chiberekero, nachibweretse kutsogolo. Make akayamba kukankha, iye aleke ndi kudikira. Kuona maso a nkhono nkudekha. Zikatha mphindi 10 kapena 15 osaphula kanthu aleke, pakuti kupitiriza kumangotupitsa njira ndi kuvutitsa dotolo akafika. Dotolo ali ndi mankhwala ogonetsa ndi oletsa kukankha. Mwana akakhala atafa kale amadziwa kumtulutsa mopulumutsa make, ndipo kumene kuli zipangizo amatha kung'amba mimba.

Pa misoti yoswa koyamba, chiboda cha mwana chimatha kuboola denga la njira ndi kutulukira kotulukira ndowe. Mlonda akaona chotere abweze mwendowo msanga nauongolere m'njira yake. Akachedwa, make amang'ambika kuchokera pena kufika pena, ndipo bala lotere lisokedwa ndi dotolo patapita masabata angapo, kutupa kutatha.

Kakokedwe

Mwana asakokedwe pokha-pokha miyendo iwiri ndi mutu zili m'malo mwake. Kukoka mwana wopindika ndiko kumkhomerera. Okoka asapitirire anthu awiri, ndipo akoke ndi manja, kapena ndi zingwe zofewa zomangidwa pamwamba pa mfundo yoyamba ya mwendo. Akoke pamene make ali kukankha, napume pamene iye apuma. Mwendo umodzi utsogole pang'ono, kuti mapewa adutse limodzi-limodzi. Mutu ndi mapewa zikatuluka, akokere chotsitsa kuloza ku miyendo yakumbuyo ya make, pakuti njira ya mwana ndi yokhota.

Kumangirira mwana ku ngolo, ku ng'ombe za pagoli, ku thirakitala kapena ku mtengo nkuthamangitsa make ndi nkhanza, ndipo kumathyola nthiti za mwana ndi kung'amba chiberekero. Ngati anthu awiri alephera, ndiye kuti pali chokodwa, ndipo kuonjezera mphamvu sikungachichotse. Ndiponso mankhwala a zitsamba ofulumiza kubereka asaperekedwe, chifukwa kukankha kwamphamvu pa njira yotsekeka kumaphulitsa chiberekero.

Mapasa

Mbuzi ikaswa ana awiri mwini wake amakondwa, koma pa kavalo ndi bulu mapasa ndi tsoka. Nsengwa ya mwana mmodzi ifuna chiberekero chonse, kotero kuti awiri akagawana onse amaperewera chakudya. Ambiri amapoloza pakati pa mwezi wa 7 ndi wa 9, ndipo amene afika pobadwa amakhala ang'ono ndi ofoka, nthawi zina atakolana pa njira. Kuyambira mu 1980, pamene akatswiri a ku France adayamba kuunika mimba za akavalo ndi makina, madotolo amatha kuona mapasa pa masiku 14 mpaka 16 ndi kuchotsa mmodzi kuti wina akule bwino. Kumudzi chizindikiro chimene mlimi angaone ndi mawere odzaza ndi mkaka wochucha miyezi isanakwane. Ichi chisonyeza mapasa kapena matenda a nsengwa, ndipo zonse ziwiri zifuna dotolo.

Zovuta za make mwana atatuluka

Alimi ambiri akaona mwana watuluka amapita kukagona, koma ngozi zina zimadza pambuyo. Yoyamba ndi kukanirira kwa nsengwa. Ng'ombe imatha kukhala nayo tsiku lathunthu osadwala kwambiri, koma kavalo ayi. Nsengwa ikapitirira maola 3 imayamba kuola, ululu wake umalowa m'magazi, thupi limatentha, ndipo umakafika ku ziboda. Mnofu umene ugwira chiboda ku fupa umatupa ndi kulekana, chiweto chimaima movutika chitatsamira kumbuyo, ndipo china chimapunduka moyo wake wonse. Nsengwa yolendewera isakokedwe. Imangidwe mfundo kuti isakhudze pansi ndi kupondedwa, ndipo kulemera kwake komwe kudzaithandiza kutsika. Maola 3 akakwana aitanidwe dotolo, amene adzabaya mankhwala otchedwa oxytocin ndi ena opha tizilombo, ndi kutsuka chiberekero.

Nsengwa ikagwa isatayidwe kwa agalu. Iyalidwe pansi poyera ndi kuyang'anidwa. Ili ndi nthambi ziwiri, ndipo nsonga zake zonse ziyenera kukhalapo. Imene imaduka ndi kutsalira kawiri-kawiri ndi nsonga ya nthambi yopyapyala imene munalibe mwana. Kachidutswa kochepa kokha kakwana kudwalitsa chiweto. Ikatha kuyang'anidwa ikwiriridwe m'dzenje lakuya.

Ngozi yachiwiri ndi kutaya magazi m'kati, maka-maka pa mikota yokalamba imene yaswa kambiri. Mtsempha waukulu wa chiberekero umaphulika, ndipo kunja sikuoneka magazi. Chiweto chimanjenjemera, chituluka thukuta lozizira, usinini wake umayera, ndipo mtima uthamanga. Chotere chisayendetsedwe konse. Chisiyidwe pabata, mwana wake ali pamene chimuona, kuti chisadzidzimuke, ndipo dotolo aitanidwe msanga.

Ngozi yachitatu ndi kutuluka kwa chiberekero, chimene chilendewera ngati thumba lalikulu lofiira. Chiweto chiimitsidwe, anthu awiri anyamule chiberekerocho m'nsalu yoyera yonyowa ndi madzi ofunda, kuti chisakoke mitsempha ndi kudetsedwa, kufikira dotolo atabwera kudzachibweza.

Kupweteka pang'ono kwa m'mimba pa ola loyamba sikudabwitsa, popeza chiberekero chili kubwerera m'malo mwake. Koma make akamadzigwetsa pansi ndi kugubuduka kosaleka, mimba ikutupa, kapena akafoka ndi kutentha thupi pa masiku otsatira, mwina matumbo apotana kapena chiberekero chidang'ambika.

Mwana wobadwa

Oweta akavalo ali ndi lamulo losavuta kukumbukira, la 1, 2, 3: mwana aime pa ola 1, ayamwe pa maola 2, nsengwa igwe pa maola 3.

Choyamba ndi mpweya. Thumba loyera likakuta mphuno ling'ambidwe, mamina apukutidwe, ndipo mwana atikitidwe mwamphamvu ndi nsalu youma. Ngati sapuma, agonekedwe cham'mbali khosi litaongoka, munthu atseke mphuno imodzi ndi pakamwa, nauzire mpweya m'mphuno inayo kufikira chifuwa chitakwera, kenaka alekere utuluke, nabwereze motero masekondi angapo ali onse. Asamzunguze atamgwira miyendo.

Chingwe cha mchombo chisadulidwe. Chimaduka chokha pamalo pake pamene make kapena mwana adzuka. Chotsalacho chiviikidwe m'mankhwala a chlorhexidine kapena ayodini wosungunula, kawiri kapena katatu pa tsiku, kwa masiku 2 kapena 3. Ndowe, phulusa ndi dothi zisapakidwe, chifukwa ndimo mukhala kafumbata ndi tizilombo totupitsa mfundo za miyendo.

Kenaka ndi chithuwi, mkaka woyamba wachikasu. Mwana wa munthu amalandira chitetezo cha matenda akali m'mimba, koma nsengwa ya kavalo siilola chitetezocho kudutsa. Mwana amabadwa wopanda chomtchinjiriza, ndipo chonse chili m'chithuwi. Matumbo ake amachilandira bwino pa maola 6 mpaka 8 oyamba, ndipo pakatha maola 24 khomo latsekeka. Mwana wa kavalo afuna lita 1 mpaka malita 2, wa bulu mocheperapo. Ngati ali wofoka koma ayamwa chala, make akamidwe ndipo mwana amwetsedwe ndi botolo la nsonga yofewa, atakhala chogwada mutu uli woongoka. Wosayamwa asathiridwe mkaka m'kamwa, chifukwa umalowa m'mapapo. Msoti wina umakana mwana wake chifukwa mawere ali kuwawa. Ugwidwe mofatsa, ukamidwe pang'ono, ndipo anthu ndi agalu achoke.

Ndowe zoyamba, zakuda ndi zolimba, ziyenera kutuluka pa maola oyamba. Mwana wokankha kosaleka atakweza mchira wadzimbidwa. Wina amayamwa bwino tsiku loyamba, mawa lake naiwala bere ndi kumangoyenda-yenda osadziwa make. Ameneyu adasowa mpweya pobadwa, ndipo ambiri amachira akasamalidwa msanga. Amene aweta nyulu, ndiye mwana wa kavalo wamkazi ndi bulu wamphongo, ayang'anitsitse maso ndi usinini pa masiku 3 oyamba. Zikachita chikasu, chithuwi cha make chili kuononga magazi a mwana, ndipo vuto ili lichuluka pa nyulu kuposa pa ana a akavalo.

Bulu amabisa ululu

Kavalo akadwala mudzi wonse umadziwa, pakuti amapalasa pansi ndi kudzigwetsa. Bulu sachita zotero. Amangoima duu, mutu pansi, makutu atagwa, nasuzumira chakudya osadya. Anthu amati ndi ulesi, pamene iye ali pafupi kufa. Bulu wa bere kapena woyamwitsa akaleka kudya, thupi lake limatulutsa mafuta ambiri m'magazi, chiwindi chimalephera, ndipo pa masiku owerengeka amafa. Choncho bulu woswa kumene akakana kudya tsiku limodzi, mwini wake amyese ndi msipu wauwisi ndi zimene amakonda, naitane mlangizi tsiku lomwelo.

Make amafuna mphongo pakangotha masiku 7 mpaka 12 ataswa. Amene adavutika poswa, adang'ambika kapena nsengwa idamkanirira, asakweredwe pa nthawi imeneyi, apatulidwe kwa amphongo. Asabwerere pa ngolo msanga, ndipo akayamba ntchito yopepuka mwana asatsekeredwe kutali, chifukwa pa masabata oyamba amayamwa kangapo pa ola liri lonse.

Zoyenera kukumbukira

Tsiku lokweredwa lilembedwe. Katemera wa kafumbata abayidwe kutatsala masabata 4 mpaka 6. Nsupa ikasweka nthawi iyang'anidwe: mphindi 10 popanda chooneka ndi nthawi yoitana thandizo, mphindi 30 ndi malire. Thumba loyera ndi labwino, lofiira liboledwe pompo. Okoka asapitirire awiri, ndipo mwana wopindika asakokedwe. Mwana aime pa ola 1, ayamwe pa maola 2, nsengwa igwe pa maola 3.

Aphunzitsi achita bwino kulemba ziwerengero zimenezi pa bolodi, popeza m'midzi yambiri anyamata ndiwo amadyetsa abulu ndipo ndiwo amayamba kuona zachilendo m'khola. Mafumu nawo alimbikitse eni abulu kuti pa mwezi woswa azilondera mosinthana, ndi kuti pakhale njinga imodzi yokonzeka usiku. Amene ali ndi mafunso ena akaonane ndi mlangizi wa ziweto wa m'dera lao, kapena apite ku ofesi ya zaulimi imene ili pafupi, chiweto chisanafike pa masiku ake.